Zimene Unalembetsa pa Ndodo ya 56

Senga Bay, Salima
9 Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga Triza,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Uli bwanji kumeneko ku Joni? Chifuwa chija unkatsokomola pa foni chinatha? Akuti miyezi ino kumeneko kumazizira mpaka zala kukana kupinda, ndiye uzivala, usamaonetse mphamvu. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Amayi ako bondo lija limawavuta m'mawa mokha, dzuwa likakwera amayenda ngati mtsikana. Akuti zimenezo ndisanene. Lembani, amake Triza, n'zoona.

Agwira cholembera ndi amayi akowo. Ine ndikungoyankhula. Ndakhala pampando pakhonde, iwo ali pamkeka ndi mapepala ong'amba m'kope la kwaya. Ndawauza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale chokhota, chifukwa akayamba kuwongola kalatayi ikhala yawo.

Mwina ukudabwa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Pa foni ndayesa kawiri. Ndikangomva mawu ako, nkhani imene ndakonza imathawa, ndimapezeka ndikukuuza za mwera ndi usipa. Ndiye ndati bola pepala. Ipita ndi a Alex a thiransipoti, omwe aja anabweretsa katundu wako.

Nkhani za kuno n'zochepa. Mpunga wa ku Lifuwu wachita bwino, amayi ako anabwerako ndi matumba atatu. Mbuzi yamawanga ija yaswa awiri. Denga la kukhitchini mwera unalisasula mbali imodzi, ndamanga ndi waya, likugwira. Basi. Tsopano ndilowe m'nkhani yeniyeni. Dikirani, ndimwe madzi kaye. Zimenezonso mwalemba? Chabwino, zisiyeni.

Ndodo za gofu unatumiza zija zinafika, ndinakuuza kale. Koma sindinakuuze bwino. Zinafika mu Juni, amayi ako ali ku Lifuwu kothandiza achemwali awo kumweta mpunga. Ndinamasula ndekha bulangete lija unakulungiramo. Maweji atatu, 52, 56 ndi 60, onyezimira moti ndinadziona nkhope. Ndinatseka chitseko, ndinaziyala pabedi, n'kukhala pansi kumangoziyang'ana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikunyamula zikwama za alendo pabwalo la gofu la paloji paja, ndodo zotere ndapukuta zambirimbiri, koma za eni ake. Yanga yatsopano ndinali ndisanagwirepo.

Amayi ako mpaka lero amati ndodo zonse n'zofanana. Si zoona. Weji ndi ndodo ija yogona nkhope, yokwezera kampira m'mwamba ukayandikira mbendera, kuti kakagwe phee pafupi ndi dzenje. Zamtunda wautali ndimabwereka kwa anzanga, zilibe kanthu. Koma weji imafuna dzanja lozolowerana nayo.

Iwe ukuikumbukira Chikwakwa, weji yanga yakale. Ija mlendo wina anaithyolera pamtengo atapsa mtima, ine n'kuitola, a Mustafa owotcherera zitsulo pamsika n'kuilumikiza. Chogwirira chake mphira wa njinga. Uli wamng'ono unkaitsuka ndi phulusa ndi ndimu, n'kumandiuza kuti tsiku lina udzandigulira yabwino. Ine ndinkaseka. Ndi Chikwakwa yomweyo ndapambana kawiri mpikisano wa makadi, uja wa mu Okutobala, tsiku limodzi pachaka limene ife onyamula zikwama timasewera, mabwana n'kumatinyamulira. Chaka chino unati udzabwera kudzaona ndikusewera ndi ndodo zako. Sindinaiwale. N'chifukwa chake zonsezi zandikhala pamtima.

Lolemba, tsiku limene bwalo limakhala lopanda alendo ndipo amatilola kusewera, ndinazitengera kuntchito. Makadi onse anasonkhana. Elliot, ukumudziwa, uja wamtali wopanda dzino lakutsogolo, anapukuta manja pamalaya asanazigwire. Anati madala, chaka chino ife tingokhala pansi, chikho mwatenga kale.

Ndinaika kampira pafupi ndi dzenje lachitatu, pamtunda woti ndi Chikwakwa ndimamenya nditatsinzina. Ndinatenga 56. Triza, kampira sikanakwere. Ndinakamenya pamutu. Kanathamanga pansi ngati khoswe, kudutsa mbendera, kudutsa mchenga, mpaka kukagunda mgolo wa madzi kuseri kwa khitchini ya loji. Gwee! Ophika anatuluka kudzaona.

Elliot amvekere, madala, mwana wakutumizirani ndodo kapena legeni?

Ndinaikanso kena. Ulendo uno ndinati ndilowe pansi. Ndinalowadi. Ndinakumba dothi kumbuyo kwa kampira, chibuma chinauluka kukagwa kutali, kampira kanangosuntha mapazi awiri. Elliot anatulutsa pensulo, amvekere tilembe za ndani, za kampira kapena za chibuma, chifukwa chibumacho chayandikira mbendera. Anthu anaseka mpaka wina kugona pansi. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Milungu itatu zinali zomwezo. Ndikapanda kumenya pamutu, ndikumba. Ndikapanda kukumba, pamutu. Anzanga anasiya kuseka, anayamba kuyang'ana kumbali ndikamamenya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Wina anandinong'oneza kuti ndingobwerera ku Chikwakwa. Ndinati ayi. Mwana wanga adzachoka ku Joni kudzandiona ndikusewera ndi mphira wa njinga, ndodo zake zili pansi pa bedi?

Ndiye ndinayamba kuganiza. Amayi ako akuti pamenepo ndi pamene panayambira mavuto. Lembani zanga, amake Triza, zanu mudzalemba kalata yanu.

Ndinaganiza kuti vuto ndi dothi. Kumeneko udzu wa gofu amathirira tsiku ndi tsiku, ndimaona pa TV ya ku bala, uli ngati matilesi. Kuno mvula ikangosiya bwalo limauma gwa, ngati msewu. Pamene pali mbendera pomwe palibe udzu, ndi mchenga wosakaniza ndi oyilo wakale, timachita kusalaza ndi chitsulo. Ndinatembenuza ndodo zonse kuziyang'ana kunsi. Chikwakwa kunsi kwake n'kopyapyala, inatha ndi zaka. Zakozi zili ndi kamimba kunsi, ndipo 56 ndiyo inali ndi mimba yaikulu kuposa zinzake. Ndinati ndagwira wakuba. Mimbayi ikumagunda dothi louma n'kudumpha, mlomo wa ndodo n'kumenya kampira pamutu. Khasu likakhala lobuntha timatani? Timanola.

Triza, mwana wanga, ndinaitenga 56 kupita nayo kwa a Mustafa.

Ndinawapeza akuwotcherera keliyala ya njinga ya kabaza. Atavula magalasi awo akuda n'kuiona, anaimba mluzu. Anati Walahi, achimwene, chitsulo chokongola chonchi mukufuna ndichitani? Ndinawaonetsa Chikwakwa, ndinati iyi ifanane ndi iyi, muchotse mimbayi. Anakana kawiri. Anati iwo amadziwa anangula a maboti ndi zitseko, za gofu sadziwa. Ine ndinati zagofuzo ndikudziwa ndine, inu mungopala.

Asanayatse makina anaitembenuza, n'kuloza ndi chala kumbuyo kwake, chakumunsi, pafupi ndi mimba ija. Panali tizilembo ting'onoting'ono topaka utoto wofiira, mizere iwiri. Anati nanga iti, tipita nawo limodzi, mukudziwa? Ine ndinali nditationa kale tsiku loyamba. Ndodo zonse zimakhala ndi zilembo za kampani, ndapukuta zambiri. Ndinaona kuti pa 52 ndi pa 60 tofiira palibe, koma ndinangoti mwina iyi ndiye yaikulu pa zitatuzi, aikongoletsa. Ndinawayankha a Mustafa kuti dzina la kampani silisewera gofu, palani.

Manambala ndimawadziwa, ntchito inandiphunzitsa. Zilembo ndi zimene ndinasiyana nazo Sitandade 2. A Mustafa anali pomwepo, amawerenga. Kukanakhala kungonena kuti tandiwerengereni. Liwu limodzi lokha. Koma munthu wa imvi, pamsika, anyamata a kabaza ataima akudikira njinga yawo, ndinene kuti sinditha? Sindinanene.

Anapala. Moto unkathetheka, ine ndemwe ndinagwirizira mpini kuti isagwedere. Itatha inali yosalala, yotentha, yopyapyala ngati Chikwakwa. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo.

Lolemba lotsatira ndinapita nayo kubwalo m'mamawa anzanga asanafike. Sizinathandize. Zinaipiratu. Pamutu ndinkamenyabe, ndipo ndikati ndilowe pansi inkalowa ngati khasu lenileni, mpaka mkono kuchita dzanzi. M'dzenje la mchenga ndiye inkangomira, kampira kali pomwepo kakundiyang'ana. Ndinaikulunga m'thumba la feteleza, n'kuibisa kudenga, pamwamba pa mtanda. Sindinauze munthu.

Kenako amayi ako anabwera ku Lifuwu. Tsiku lina masana ndinali kuseri kwa nyumba ndikulimbana ndi 52, iwo akupeta mpunga. Ndinkaganiza kuti sakuona. Nditamenya kachisanu anaika lichero pansi, anati bambo a Triza, tabweretsani ndodo yanu yakale ija. Ndinati inu za gofu mwazidziwira kuti. Anati za gofu sadziwa, koma ine amandidziwa.

Anaimika Chikwakwa ndi 52 pamodzi pakhoma. Triza, yatsopano inali yaitali ndi zala zitatu! Paja Chikwakwa poilumikiza anaidula. Zaka zonsezi thupi langa linazolowera kuwerama pa ndodo yaifupi. Tsopano ndinkawerama chimodzimodzi ndi ndodo yaitali, ndiye inkafika pansi msanga, kumbuyo kwa kampira. Thupi likamva zimenezo linkadzuka lokha kuthawa dothi, n'kumenya pamutu. Milungu itatu ndikuyang'ana kunsi kwa ndodo, osaganizako zoziimika pamodzi.

Amayi ako anati ku Lifuwu munthu akaika mpini watsopano pakhasu, tsiku loyamba amalima mokhota, koma sanaonepo wina akupita kukadula khasu. Amangosuntha mapazi ndi pogwira, mawa lake zayenda. Pamene ankanena zimenezo sankadziwa chimene chinali kudenga.

Anawonjezanso china. Anati ndodoyo mukuiopa. Chikwakwa mumaimenyetsa pansi ngati mwakwiya nayo, koma iyi mukuigwira ngati mbale ya alendo, mukafika pa kampira mumakweza mapewa kuti isakandike. Anati mwana sanatumize zoika m'kabati, ndodo ya gofu ntchito yake n'kudya dothi. Zinali zoona. Ndikaitsitsa ndinkaona iwe ukukolopa nyumba za anthu m'chisanu kuti uigule, manja n'kubwerera okha. Taona nzeru za bambo ako: kuopa kakukandika kamodzi, koma inzake ndinakaipalitsa pamakina.

Mawa lake m'mawa tinatsikira limodzi kunyanja, iwo ndi mapoto awo, ine ndi 52. Pamchenga wonyowa paja amayi amatsukira ndinajambula mzere ndi chidendene. Kampira sindinatenge. Ndinagwira ndodo motsikirako zala zitatu, ndinatsamira mwendo wakumanzere, n'kumamenya mchenga kuti chipsera chiziyambira pamzere kupita kutsogolo, osati kumbuyo. Mchenga wonyowa sunama, umaonetsa pamene ndodo yafikira. Khumi zoyamba zonse zinagwa kumbuyo. Amayi otsuka mapoto aja anayamba kundiwerengera mokweza. Ikagwa kumbuyo onse amvekere yalephera! Ikagwa pamzere ntungululu. Asodzi obwera ndi maboti ankaima kufunsa ngati a Davie ayamba kulima m'nyanja.

Mlungu wathunthu ndinamenya mzere wokhawokha. Ndipo m'menemo ndi m'mene ndinazindikira kulakwa kwanga. Ndodo ikafika pamalo pake, kamimba kaja kamatsetsereka pansi ngati bwato pamadzi osaya, n'kuiletsa kuti isamire. Mimba ija si matenda. Anaiikapo dala, ili ndi ntchito. Ine ndinachotsa chinthu chomwe chikanandithandiza.

Tsiku limene ndinaikapo kampira, kanalira mwa mtundu wina. Sindidziwa ndinene bwanji. Pamutu kamalira kwa! ngati mwala, mkono n'kuwawa. Koma ukakapeza bwino kamangoti tchwa, m'manja osamva kanthu, kakwera, kaima pang'ono m'mwamba ngati kakuganiza, n'kutsika. Amayi ako anaponya chinkhupule m'madzi n'kuvina. Akuti sanavine. Anavina, pali mboni.

Pano 52 ndi 60 zikundimvera. Si tsiku lililonse, nthawi zina mapewa amakumbukira zakale, koma pa khumi, zisanu ndi zitatu zimakwera bwino. Lolemba lapitali pa dzenje lachitatu lomwe lija ndinagwetsa kampira pafupi ndi mbendera, mtunda wa phazi limodzi. Elliot amvekere madala, 60 ija simungandibwerekeko mu Okutobala? Ndinamuuza kuti ndimubwereka legeni.

Zikanathera pamenepo bwenzi kalata ino ili yosekesa basi. Amake Triza, musaime, lembani. Ndikaima pano sindiyambanso.

Lamulungu lija unaimba foni, milungu iwiri yapitayo, amayi ako ali ku kwaya. Tinacheza bwinobwino. Kenako unatsitsa mawu, unati ababa, zimene ndinalembetsa pa 56 zija amayi akuwerengerani? Pomwepo ndinationa tizilembo tofiira tija, ndi chala cha a Mustafa chikuloza. Ndiye pakamwa panga panayankha pokha. Ndinati eya, andiwerengera, zabwino kwambiri, zikomo.

Iwe unaseka pang'ono, kuseka kosachokera m'mimba, unati basi? Ine ndinati netiweki ikuvuta, sindikukumva. Netiweki inali bwinobwino. Ndinkakumva mpaka kupuma kwako.

Ndinakunamiza, mwana wanga. Palibe amene anandiwerengera. Mawu ako ndinawapalitsa ndisanawamve. Sindidziwa chimene unandiuza.

Amayi ako atabwera ndinakwera pampando, ndinatsitsa thumba lija n'kuwapatsa. Anaitembenuza ndodoyo, anasisita ndi chala posalala paja, ine ndikufotokoza. Ndinkadikira kuti akalipe. Sanakalipe. Anangoti inu a Davie inu, n'kulowa m'nyumba ndi yunifolomu yawo ya kwaya. Bola akanakalipa.

Mawa lake ndinathamangira kwa a Mustafa, mwina iwo anawerenga. Anagwira mutu. Anati anangoona kuti ndi mizere iwiri, mawu anayi kapena asanu, koma sanawerenge chifukwa ine ndinali nditanena kale kuti ndi za kampani. Anati ndinakufunsani, achimwene. Ndinati munandifunsa, mlandu si wanu. Anawerama pansi pa makina awo, anatapa fumbi la chitsulo m'dzanja, tonse awiri n'kumaliyang'ana ngati tipezamo kanthu. Fumbi la makeliyala, la zitseko, ndi mawu a mwana wanga, zonse pamodzi.

Kumphepete kwenikweni kwatsala kachidutswa kamodzi kofiira, kokhala ngati chala cha nkhuku. Amayi ako akuti kangakhale mwendo wa K kapena wa R. Iwo akuganiza kuti unalembetsa vesi. Mwina. Ine ndaganiza zambiri. Ndikamanyamula chikwama cha mlendo ndimakhala ndikuyesa mawu anayi anayi m'mutu, mpaka tsiku lina ndinamupatsa ndodo yolakwika.

Chimene chikundiopsa si ndodo. Chitsulo n'chitsulo. Chikundiopsa n'chakuti mwina unalemba mawu ofuna yankho, ine n'kuyankha kuti zabwino kwambiri, zikomo, ngati munthu wapatsidwa sopo. Iwe n'kuganiza kuti bambo ako anamva koma sizinawakhudze. Ndi basi uja unanena. Sakuchoka m'makutu mwanga.

Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Zaka zinayi zapitazo, tsiku limene unkanyamuka, sindinakuperekeze ku depoti ya Salima. Anakuperekeza ndi amayi ako okha, chikwama chako pamutu. Ndinati kuli mlendo wofuna kadi. Mlendo analipodi, koma Elliot analipo, akanamunyamulira. Zoona zake n'zakuti ndinakwiya kuti ukusiya ntchito ya kukhitchini ya loji imene ndinakupemphera ine. Ayi, zimenezonso si zoona zonse. Lembani bwino apa. Ndinkaopa kuti ndikalira pa depoti anthu akuona. Tsiku limenelo ndinayenda maenje onse asanu ndi anayi ndikuyang'ana kumsewu minibasi iliyonse ikamadutsa.

Nkhani imeneyi sitinaikambepo. Pa foni timangokamba za usipa. Ndiye ndodo zitafika ndinati mwana wandikhululukira osanena. Tsopano ndikuganiza kuti mwina unanena, ndipo unanena pachitsulo kuti zisafufutike. Sunadziwe kuti bambo ako ali ndi mnzawo wa makina.

Pepa, Triza. Pa za depoti, pa za ndodo, ndi pa bodza la pa foni. Zonse zitatu pepa.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mawu aja undilembere papepala, zilembo zikuluzikulu zosalumikiza, upatse a Alex pobwera. Usandiuze pa foni. Amayi akonso usawauze, ndipo alonjeza kuti envulopu sadzatsegula. Akuti sanalonjeze. Lonjezani pano, mwana akumva. Alonjeza.

Ndikufuna ndidzawerenge ndekha. Usaseke. Kapena seka, palibe kanthu. M'mawa uliwonse ndikamaliza kumenya mzere wanga, amayi ako amatenga kamtengo n'kundilembera zilembo pamchenga womwewo, ine n'kumatsatira ndi mpini wa Chikwakwa. Tafika pa M. Amayi otsuka mapoto aja tsopano ali ndi ntchito ziwiri, kuwerengera gofu ndi kuwerengera sukulu. Poyamba ndinkachita manyazi. Kenako ndinakumbukira kumene manyazi anandifikitsa kwa a Mustafa, ndiye ndimangowasiya aseke. B ndi D zikundizunguza, koma mphunzitsi wanga ndi waukali, pofika Okutobala tidzakhala titafika kumapeto. Uli Sitandade 5 unkafuna kundiphunzitsa ndi khala pakhoma la bafa, ine ndinkati mawa. Mawa lake ndi lino.

A Mustafa ali ndi tizitsulo tokhomera zilembo, timene amalembera maina pa injini za maboti kuti zisabedwe. Akuti pepala lako likangofika adzakhoma mawuwo pa 56 yomweyo, chakumtunda kumene makina sanafike, n'kupaka utoto wofiira wa maboti. Akuti Inshala adzakhoma mowongoka. Siidzakongola ngati mmene unaitumizira, ndipo m'mchenga siidzasewera bwino mpaka kalekale. Koma m'chikwama idzakhalamo, ndipo ndapeza kuti pa dothi louma kwambiri, kampira kakakhala pafupi, imagwirako ntchito pang'ono. Sindidzaibisanso kudenga.

Ngati wakwiya, lembanso zimenezo papepala lachiwiri. Ndidzawerenga, ngakhale zinditengere mlungu. Koma kubwera kokha usasinthe. Chaka chino ndawauza a manijala kuti chikwama changa asandipatse bwana wondinyamulira, wonyamula ndili naye kale, akuchokera kutali. Anafunsa ngati amadziwa gofu. Ndinati ndodo anayamba kutsuka ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chikwamacho si cholemera, ndodo zake n'zochepa. Za chikho sindikulonjeza, Elliot akumenya bwino chaka chino, ngakhale pamaso pake sindinganene.

Undiuze tsiku ndi basi imene udzakwere. Ndidzakhala pa depoti. Kaya kubwere mlendo wotani, anyamule yekha. Ndipo ndikadzalira, anthu aone.

Amayi ako akupereka moni, akuti dzanja lawawa ndipo mapepala a kwaya atha. Achemwali a amayi ako a ku Lifuwu akupereka moni, akusungira mpunga wonunkhira uja. A Mustafa akuti ndikuuze kuti iwo anafunsa. Upereke moni kwa Patience amene ukukhala naye, ndi onse akwathu kumeneko. Mulungu akusunge pogona ndi podzuka, akutchinjirize m'misewu ya eni ake, akubweretse kwathu uli wamphumphu.

Dzina lili pansipa cholembera ndalanda, ndalemba ndekha. Latenga malo ambiri ndipo lapendekera kunyanja, koma ndi langa.

Ndine bambo ako,

DAVIE